Ndinapita Kukagwira Mmwenye ku Observatory

Mwana wanga atafika ku Cape Town sindinamuzindikire. Ndinamusiya ku Bangwe, kwa mng'ono wanga, mano a ubwana asanayambe kuguluka, ine n'kubwera kuno kudzachapa ndi kukolopa m'mafulati a ku Sea Point. Zaka zonsezo tinkangomvana pa foni. Muli bwanji, ndili bwino, sukulu ikuyenda, ikuyenda. Ndiye basi yochokera ku Joni itaima, panatsika mtsikana wamtali kundiposa, wometa tsitsi, n'kundipatsa dzanja ngati akupereka moni kwa ahedi. Ine ndinali nditakonzekeratu kulira, chitenje chopukutira misozi chili paphewa. Misoziyo inabwerera yokha.

Tinkakhala ku Delft, m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chixhosa. Mphepo ya kuno ikayamba, mchenga umalowa mpaka mu shuga, ndipo ndege zimadutsa pamutu ngati zikufuna kutera padenga. Koma phokoso lonselo silinkandivuta. Chomwe chinkandidya chinali kukhala chete kwa mwanayo. Akaweruka ku sukulu ankagwira ntchito zake bwinobwino, mbale watsuka, pansi wasesa, kenako n'kukhala pakona ya bedi, mahedifoni m'makutu, maso kukhoma. Tinkagona bedi limodzi, koma ndinkamusowa kuposa nthawi imene anali ku Malawi.

Tsiku lina ndinatopa nazo. Ndinali nditangofika kuchokera ku ntchito, miyendo itatupa, iye ali du pakona pake.

"Iwe, ukumvera chiyani m'makutumo?"

Anachotsa hedifoni imodzi. "Indie."

"Inde chiyani? Ndakufunsa kuti ukumvera chiyani."

"Ndati indie, mami."

"Ukundiyankha inde kawiri? Ndine mnzako ine? Ukundiona ngati wa mukalasi mwako?"

Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangobwezera hedifoni ija m'khutu. Abale inu! Ine mayi anga ndikanawayankha choncho, bwenzi lero ndilibe mano a kutsogolo.

Lamulungu lake tinapita ku Dunoon kukapemphera. Kumeneko ndi kumene kumakhala achimwene anga, amene amagwira ntchito yonyamula katundu ku Montague Gardens. Ndi iwo anandiitana kuno, ndi iwo anandipezera ntchito yoyamba, komanso ndi mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi. Bambo ake a mwanayu tinasiyana kalekale, ndiye mwa chikhalidwe cha kwathu mawu omaliza pa iye anali a amalume ake. Titaweruka kutchalitchi, ndinawadandaulira alamu anga, mkazi wa achimwenewo. Alamuwa amaluka tsitsi, ndipo nkhani za mutauni muno amazimva eni ake asanazimve.

"Mwati amayankha kuti chiyani?" anafunsa alamu, atasiya kusenda anyezi. "Tabwerezani mmene amatchuliramo."

Ndinabwereza mmene ndinamvera.

"Mayo ine! Alamu, ameneyo si inde. Akunena Indiya. Mwana akumvera nyimbo za amwenye!"

Ine nyimbo za amwenye ndakula ndikuzimva ku Limbe, zikutuluka m'masitolo a nsalu, ndipo sindinaonepo munthu atadwala nazo. Ndinawauza choncho. Koma alamu anatsitsa mawu n'kusuzumira pakhomo. "Mwana wa ku Bangwe nyimbo zimenezo wazidziwira kuti? Alipo amene akumuphunzitsa. Tsegulani maso."

Ndinatseguladi maso, ndipo sipanatenge nthawi. Mwana anabwera kunyumba ndi gitala m'chikwama chakuda, akuti yobwereka ku sukulu. Loweruka lililonse anayamba kuchoka masana n'kubwera dzuwa lisanalowe, nkhope ikuwala, ndipo ndikamufunsa kumene wachokera yankho linali lomwe lija la Indiya. Alamu anakawauza achimwene, achimwene anakwera tekisi kubwera ku Delft. Anakhala pa mpando umodzi umene tinali nawo, chipewa pabondo. Anamufunsa mwanayo mafunso angapo, iye n'kumayankha moyang'ana pansi, theka Chichewa theka Chingerezi, mawu osamveka. Achimwene sanafune kumva zambiri.

"Gitala munthu sagulira mwana wa eni popanda cholinga," anatero. "Sukulu ikatsekera mu Disembala, mwana uyu akwere basi abwerere ku Bangwe. Sindikufuna tsiku lina kudzaitanidwa kuchipatala kapena kupolisi. Mwamva, achemwali?"

Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo achimwene. Iwo anavala chipewa chawo n'kumapita.

Sabata imeneyo ndinkasita zovala za madamu ku Sea Point mutu uli kwina. Mwana ameneyu ndinamutaya kale kamodzi. Ndinadziwa kuti akakwera basi imeneyo, kukakhala kuti ndamutaya mpaka kalekale, chifukwa mwana wothamangitsidwa sabwereranso ndi mtima wake. Ndiye ukali wanga wonse unapita kwa mmwenye uja. Ndinkamuona m'maganizo mwanga bwinobwino: bambo wamimba, wa galimoto yoyera, mphete zodzaza zala, ali ndi sitolo ya mafoni ku Bellville. Ndinkamutukwana ndikukolopa, ndinkamutukwana ndikutsuka bafa. Pofika Lachisanu ndinali nditamudziwa kuposa mmene ndimawadziwira abale anga.

Loweruka, mwana atangoberekera gitala yake, ndinaima pakhomo manja m'chiuno.

"Lero ndipita nawe. Ndikamuone ndi maso angawa mmwenye wakoyo."

"Mmwenye uti, mami?"

"Usandipusitse iwe. Wa ku Indiyayo. Wogulira ana a eni magitala."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana gitala, n'kundiyang'ananso. Kenako anaphulika kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, atagwira mimba, misozi ili chuchuchu. Dzanja linkandiyabwa kuti ndimuwaze mbama, koma ndinazindikiranso kuti chifikireni kuno, aka kanali koyamba kumumva akuseka. Ndipo kuseka kwake ndi kwanga kwenikweni, kokokera mpweya ngati munthu wa chifuwa.

"Valani nsapato, mami," anatero akupukuta m'maso. "Tiyeni mukamuone."

Ndinavala nsapato za kutchalitchi, n'kutenganso ambulera. Kunja kunalibe ngakhale kamtambo. Ambulerayo inali ndi ntchito ina.

Tinakwera tekisi n'kukatsikira ku Observatory, dera lina la kufupi ndi tauni, n'kuyenda pang'ono mpaka pa sitolo ina yogulitsa mabuku akale ndi khofi. Tinadutsa m'kati n'kutulukira kuseri, pa kabwalo kakang'ono kokhala ndi mtengo wa mandimu. Panali anthu ochepa, osadzaza n'komwe minibasi zitatu: azungu, makaladi, Axhosa, ambiri achinyamata. Ena anakhala pa makireti, ena pansi penipeni. Zovala zake, ha! Majuzi otuwa, mabuluku ong'ambika m'mawondo, nsapato zotha. Ndinamunong'oneza mwana wanga kuti kodi bwanji anzakowa onse amagula pa kaunjika, n'kusankhanso za pansi pa mulu? Iye anangondigwira mkono kuti ndikhale chete.

Ndinayamba kusakasaka mmwenye wanga, ambulera ili m'manja. Analipodi mmodzi. Anali mayi wachikulire wa imvi mutu wonse, amene anasendera pa benchi kuti ndikhale, n'kundigawira nachesi. Kenako panabwera mzimayi wina wamfupi wa magalasi, n'kundigwira chanza ndi manja awiri, akuti ndi mphunzitsi wa nyimbo ku sukulu ya mwana wanga, ndipo gitala ija ndi ya sukuludi. Anati mwanayu ali ndi khutu labwino, ndizimulimbikitsa. Ambulera ija ndinaiika pansi pa benchi mwakachetechete.

Woyamba kuimba anali mtsikana wachikaladi, woonda, wa jekete ya abambo. Anakhala pa mpando, gitala pamwendo, popanda kuvina, popanda kufuula kuti manja m'mwamba. Anthu onse anangoti zii. Ngakhale wotsokomola panalibe. Ine ndinazolowera kuti pamene pali nyimbo pamakhala fumbi, ndiye ndinaweramira kwa mwana wanga n'kufunsa kuti, "Wamwalira ndani?" Anandiponda phazi.

Mtsikanayo ankaimba m'Chiafirikansi, chilankhulo chimene ine ndimangochidziwira m'tekisi, pokangana za chenje. Mawu ake anali aang'ono, osasa, ngati a munthu wongodzuka kumene. Koma chifukwa cha bata lija, ndinkamva chilichonse. Ndinkamva zala zake zikutsetsereka pa nsambo, ndinkamva akamakoka mpweya. Pakati pa nyimbo analakwitsa, n'kuima, n'kupepesa, n'kuyambiranso pomwe analakwitsapo, ndipo palibe anaseka. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe la nyimboyo, koma inandigwira mtima. Inali nyimbo ya munthu amene watopa koma mawa adzukabe m'mamawa. Zimenezo sizifuna womasulira.

Atachoka iye panabwera gulu la anthu anayi, anyamata atatu ndi mtsikana woimba ng'oma. Awa ndiye anali a phokoso. Gitala ya magetsi inalira ngati macheka akudula lata, ine n'kutseka makutu. Ndinati eya, za Satana zija zayambika. Koma nyimbo isanafike pakati ndinapeza phazi langa likugunda pansi lokha, nsapato ya kutchalitchi yomweyo. Mtsikana wa ng'omayo ankamenya ngati ali ndi mlandu ndi ng'omazo, tsitsi lili balala, akuseka yekha. Ukali wonse umene ndinausunga sabata yathunthu unapeza potulukira.

Omaliza anali awiri, bambo wachizungu wa ndevu zoyera ndi mayi wa Chixhosa wa msinkhu wanga. Bamboyo anatulutsa banjo. Atangoikhudza, ndinanyamuka ku Observatory n'kukagwera pa msika wa Limbe, pamene anyamata ankaimba mabanjo opanga okha, a chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga, ife atsikana titatumidwa tomato n'kuiwala zobwerera kunyumba. Kulira kwake kunali komweko, kouma, kothamanga. Mayi uja atalowetsa mawu ake pamwamba, akuluakulu, ochokera pansi pa mimba, ine ndinaiwala kumene ndinali. Nyimbo itangotha, anthu asanayambe n'komwe kuwomba tim'manja tawo taulemu tija, ndinadzuka n'kululuta nthungululu yonse ya pa chinkhoswe.

Abale! Pabwalo ponse panati zii. Njiwa zinathawa padenga. Mzungu wina anataya khofi pa buluku. Mwana wanga anabisa nkhope m'manja ngati akupemphera kuti nthaka imumeze. Ine ndili chiimire, dzanja lili pakamwa, ndikudzifunsa kuti kodi kuno munthu akaimba bwino amamuthokoza bwanji? Koma mayi wa Chixhosa uja anaponya mutu kumbuyo n'kundiyankha ndi nthungululu yake, yaitali kuposa yanga. Bambo wa banjo anaseka mpaka kuvula chipewa. Anthu anawomba m'manja, ena kuyesera kululuta n'kumatuluka mawu a nkhukundembo. Mwana wanga atachotsa manja kumaso, ndinaona kuti akuseka.

M'tekisi pobwerera anandifotokozera. Anati mawu aja si inde, si Indiya, koma ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza anthu odziyimira paokha. Oimba amenewa alibe kampani yaikulu, alibe bwana wowauza choti aimbe. Amapeka okha, ambiri amajambula okha m'zipinda zogona, ndipo masana ena amagwira ntchito m'malesitilanti ngati ife tomwe. Za phokoso zija ndi za rock, ndipo za banjo ndi gitala wamba zija amati folk.

"Foloko?" ndinatero.

"Mami, chonde, musayambenso."

Tinaseka mpaka kondakitala kutembenuka. Kuchokera ku tauni mpaka ku Delft mwana wanga analankhula osapuma, ndipo ine ndinkangomuyang'ana kukamwa. Ndinali ndisanadziwe kuti ali ndi mawu ochuluka choncho.

Kuyambira pamenepo ndinalowa m'nyimbo zimenezi ndi miyendo yonse. Madamu anga a ku Sea Point ndi okalamba, masana amagona, ndipo wayifayi ya m'fulati anandilola kale kugwiritsa ntchito. Mwana anandikonzera foni, n'kundionetsa kuti ukamvera nyimbo imodzi, foniyo imakulozera ina yofanana nayo. Ndiye ndinkasita, foni ili m'thumba la epuloni, ndikuyenda dziko lonse. Mayina a oimbawo ankandipinda lilime, choncho ndinawapatsa anga. Panali Achimfine, mayi wa ku Amereka woimbira m'mphuno, amene nyimbo zake zonse ndi za kusamuka nyumba ndi kulongedza makatoni. Poyamba ndinkamuseka, koma lero mukandilanda ameneyo tidana. Panali Alongo Awiri, amene mawu awo amalukana mwakuti sungadziwe wamkulu ndi uti. Panali Anyamata a Malata, gulu la phokoso la konkuno, loyenera potsuka mawindo. Panalinso mkulu wina wa ku Eastern Cape woimba ndi gitala yokhayokha, amene amachita ngati akukambirana ndi gitalayo, iye kufunsa, iyo kuyankha.

Si onse anandigwira mtima, ndisaname. Alipo anyamata ena a ndevu amene amangolira m'nyimbo ngati mbuzi yomangidwa padzuwa, mkazi anawathawa chaka chatha koma mpaka lero akadali pawindo. Amenewo ndinkawadumpha. Ndinkati iwe, dzuka ukasambe, ukafune ntchito. Mwana wanga ankawakonda kwabasi, ndiye madzulo pophika timakangana. Iye amati mami simukumva mawu ake, ndi ndakatulo imeneyi. Ine ndimati ndakatulo yake yomwe ija ya dzulo. Iye n'kundiyikira ina kuti nayi tsono, iyi simungaikane, ine n'kumvera, nthawi zina n'kugonja. Ndinapezanso njira yanga yodziwira woimba weniweni: ngati ndasiya ayironi ili chiimire kuti ndimve mathero a nyimbo, ameneyo ndi woimba. Tsiku lina ndinamubweretsera mwana wanga woimba amene iye sankamudziwa n'komwe, mtsikana wa ku Zimbabwe wosakaniza gitala ndi mbira. Anamvera kawiri n'kunena kuti, "Mami, mwamupeza kuti ameneyu?" Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndawina mpikisano.

Loweruka tinkapita limodzi ku Observatory. Mayi wa imvi uja ankandisungira malo pa benchi. Ndinaphunzira kukhala chete nyimbo ili m'kati, iwonso anaphunzira kuti ikatha bwino, atseke makutu. Za Disembala sitinkazikamba. Ine ndinkati ndikawafotokozera achimwene za mawu aja, aseka, nkhani ithera pomwepo.

Sukulu inatsekera. Lamulungu lotsatira masana, achimwene anafika ku Delft ndi alamu. Anakhala pa mpando uja, alamu pa ndowa yovundikira, ine ndi mwana pa bedi. Ndinawaphikira tiyi pa hotipuleti imene iwo omwewo anandibwereka nditangosamukira kuno. Atamwa pang'ono anati alankhula kale ndi dalaivala wina wodziwana naye, malo alipo sabata yamawa, ndipo mng'ono wathu ku Bangwe akudziwa.

Ndinayamba mwaulemu. Ndinati achimwene, pali polakwika pang'ono. Ndinafotokoza zonse, za inde, za Indiya, za mphunzitsi wa magalasi, za mayi wa imvi wogawa manachesi. Ndinati mmwenye wa galimoto yoyera uja kulibe, tinamuumba tokha pa khonde la ku Dunoon. Alamu anayamba kuyang'ana m'kapu mwawo ngati mwagwera ntchentche. Ndinadikira kuti achimwene aseke.

Sanaseke. Anati, "Ndiye kuti nanunso mumapita kumeneko?"

"Loweruka lililonse."

"Mayi wamkulu ngati inu, wa chigwirizano cha amayi, kumakakhala pansi ndi ana osuta fodya? Kaya ndi Indiya, kaya ndi China, ine sizikundikhudza. Mwana wamkazi woyenda ndi gitala kumsana m'tauni ngati ino mathero ake ndimawadziwa. Ndanena kale, akupita."

Pamenepo ndinaona kuti mawu aja sakanandipulumutsa. Panatsala ine ndekha. Koma ukali wanga, umene wandiyambanitsa ndi anthu ambiri pa moyo wanga, tsiku limeneli unandigwirira ntchito.

"Sapita," ndinatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndati sapita, achimwene. Ndinu amalume ake, sindikukana. Tsiku la ukwati wake mudzakhala kutsogolo, ndipo nkhuku mudzalandira ndinu. Munandithandiza zambiri, ndipo sindidzaiwala. Koma amene anamva ululu wa mwana uyu ndine. Ndakolopa zimbudzi za anthu zaka zonsezi kuti tsiku lina adzagone pambali panga. Ndangoyamba kumene kumudziwa, ndiye inu mukuti ndimukweze basi chifukwa cha gitala? Kumene amapitako ndakuona ndi maso anga, inu simunakuone. Mukafuna tiyeni Loweruka, benchi ilipo. Koma mwana wanga sakwera basi ya munthu."

Achimwene anandiyang'ana ngati andiona koyamba.

"Achemwali, mwayamba liti kuyankha chonchi?"

"Lero."

Anaimirira n'kuvala chipewa. Anati chabwino, popeza mwakula, mudziyimire nokha monga oimba anuwo, ndipo zikadzakuvutani musadzandiyimbire foni. Atafika pakhomo anatembenuka n'kuloza hotipuleti. Alamu anaizula kukhoma ikadali yotentha, n'kuikulunga m'chitenje, akuiwuzira zala. Anatuluka choncho, achimwene patsogolo, alamu pambuyo atanyamula sitovu ngati khanda. Mayi mwini nyumba, amene anali akumvetsera zonse pa waya woyanika zovala, anangoti "Yhu!" n'kuwatsegulira geti.

Ndinakhala pa mpando uja. Ndinali ndi mantha, ndisabise. Mlongo wanga ndi mmodzi yekha m'dziko la eni lino. Koma pansi pa manthawo panali chimwemwe china chachikulu, chouma mutu, chimene ndinali ndisanachimvepo. Ndinkafuna kutuluka panja ndikauze Delft yense.

Mwana wanga anatsika pa bedi, n'kugwada, n'kulowetsa mkono kunsi kwa bediko. Anakoka chikwama chachikulu cha mizeremizere, chotseka bwinobwino, chomanga ndi chingwe. Ine ndinkayesa kuti kunsiko kuli mabulangete a nthawi yozizira.

"Ichi n'chiyani?"

"Katundu wanga."

"Walongedza liti?"

"Tsiku lomwe lija amalume ananena za basi." Ankalankhula akumasula chingwe, osandiyang'ana. "Ndinkangotulutsamo chovala chimodzi, ndikachapa n'kubwezeramo. Ndinkadziwa kuti muvomera zoti ndipite, mami. Ndinkangofuna kuti ndisanapite, mumveko nyimbo zanga."

Mayo! Masabata onse aja tikuseka m'tekisi, tikukangana za anyamata a ndevu, mwana wanga ankanditsanzika, ine osadziwa. Misozi inatuluka, ndipo sindinaibise. Ndinamulanda chikwamacho n'kuchikhuthulira pa bedi, zonse mbwee, masiketi, mabuku, nsapato.

"Bwezera chilichonse m'malo mwake," ndinatero ndikufwenthera. "Ndipo chikwama ichi ndisadzachionenso m'nyumba muno. Tamvera, ika Anyamata a Malata. Kweza mpaka kumapeto."

Foni yanga mawu ake ndi ochepa, ndiye anaiponya m'poto wopanda kanthu, poti pophikira panalibenso, ndipo gitala ya macheka ija inadzaza chipinda chonse mpaka malata kunjenjemera. Tinapinda zovala tikuvina, iye akulira, ine ndikulira, tonse tikuseka. Pomaliza anatenga kaphukusi kena kamene kanali padera pa windo. Inali yunifolomu yake ya sukulu, yochapa, yosita, imene anakonza zoti akapatse mwana wa pa neba. Anaitambasula, n'kuikung'untha, n'kuipachika pa msomali kuseri kwa chitseko.